Kukaona mbalame ku Langebaan m'mawa: yambani mwawerengera madzi

Seputembala akangofika, mafunso amayamba. Wina pa WhatsApp, wina potuluka m'tchalitchi: "Achimwene, mbalame mumajambula zija zili kuti? Timapita bwanji?" Ena amangodzuka n'kupita okha, kenako n'kubwerako atakhumudwa. Akuti anangopeza madzi okhaokha, kapena matope okhaokha, mbalame zili kutali moti sankatha kusiyanitsa ndi miyala. Funsoli ndaliyankha kambirimbiri, ndiye ndaona kuti ndilembe kamodzi, kuti Amalawi anzanga okhala ku Cape Town ndi madera oyandikira muzingotumizirana.

Malo ake ndi West Coast National Park, pafupifupi makilomita 120 kumpoto kwa Cape Town mukatsata msewu wa R27. Pakati pa pakiyi pali Langebaan Lagoon, dziwe lalitali la madzi amchere lomwe limalumikizana ndi nyanja ya Atlantic kudzera ku Saldanha Bay. Mulibe mtsinje wothira m'dziweli. Madzi ake amalowa kuchokera kunyanja n'kutulukanso, kawiri pa tsiku. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1985, ndipo mu 1988 dziweli linalowa m'gulu la madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, pangano lomwelija limene linalandiranso Nyanja ya Chilwa.

1. Sankhani mwezi

Nyengo imene kuno amati spring ndi ya Seputembala ndi Okutobala. Kwathu miyezi imeneyi dzuwa limakhala likuswa mtengo, koma ku Cape mvula ya m'nyengo yozizira imakhala itangotha, tchire lili lobiriwira, maluwa ali paliponse. Ndi nthawi yomweyo pamene mbalame zimene zinapita kukaswa kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Siberia ndi ku Scandinavia, zimabwerera. Zina zimauluka makilomita opitirira 12,000. Zimakhala kuno mpaka Malichi kapena Epulo.

Ine ndimakonda kumapeto kwa Seputembala ndi Okutobala yense. Chifukwa china n'chakuti mu Ogasiti ndi Seputembala amatsegula chigawo cha Postberg kuti anthu akaone maluwa, ndipo Loweruka ndi Lamlungu pageti pamakhala mzere wa magalimoto, mtengo wolowera nawo umakwera. Ngati tsiku lanu lopuma limagwa mkati mwa sabata, mwachita mwayi.

2. Werengerani madzi musanasankhe tsiku

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ife ochokera ku Malawi timaphonya. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika potengera mvula ya chaka. Gombe la ku Salima limene mwalisiya m'mawa mulipezanso pomwepo madzulo. Nyanja yamchere siitero. Mwezi umakoka madzi, ndiye nyanja imadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa maola pafupifupi 25 alionse. Ikadzaza amati high tide, ikaphwa amati low tide. Nthawi yake imasuntha tsiku ndi tsiku, imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Ndiye ngati mnzanu anapita Lachiwiri 9 koloko n'kuona zodabwitsa, inu mukapita Loweruka 9 koloko yomweyo mukapeza zina.

Mbalame zimene mukukazifunazi zimadya m'matope: nyongolotsi, tinkhono, tinkhanu. Zimatsatira mlomo wa madzi, pamene matope angovundukuka kumene ndipo akadali ofewa. Madzi akadzaza, matope amamira ndipo mbalame zimathawira kukapuma kwina. Madzi akaphweratu, matope amatambalala mtunda wautali ndipo mbalame zimabalalika kutali. Nthawi yanu ndi yapakatikati, pamene mlomo wa madzi ukudutsa patsogolo penipeni pa pamene mwakhala. Nthawi imeneyi siichedwa kutha.

Malo otchuka kwambiri ndi Geelbek, kumapeto kwa dziweli chakumwera. Kumeneko kuli ma hide, timanyumba tamatabwa tokhala ndi mipata yosuzumirira, tomwe mumafikako poyenda pa kamlatho kamatabwa kodutsa m'bango ndi m'udzu wa m'madzi amchere. Vuto ndi lakuti Geelbek ili kumathero a dziwe lalitali komanso losaya. Madzi amatenga nthawi kuti afikeko ndiponso kuti achokeko, choncho nthawi imene mukuiona pa foni, ya Cape Town, si nthawi ya ku Geelbek.

Chitani chonchi. Fufuzani pa intaneti ndandanda ya ma tide a Table Bay (gombe la mzinda wa Cape Town) kapena Cape Town. Pezani nthawi ya high tide. Wonjezerani maola anayi ndi theka. Imeneyo ndi nthawi imene anthu oonera mbalame kuno akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, yoti matope ayamba kuonekera patsogolo pa hide madzi akubwerera. Mwachitsanzo, ndandanda ikati high tide ndi 04:10 m'bandakucha, matope ayamba kutuluka cha m'ma 08:40. Inu mukhale mutakhala kale pabenchi pofika 8 koloko. Musafike pa nthawi yeniyeniyo, fikani madzi akadali odzaza pansi pa hide. Kudikira theka la ola mukuyang'ana madzi kuli bwino kusiyana n'kufika mbalame zitapita kale kutsogolo.

Tsopano nayi mfundo imene imakupeputsirani ntchito. Ku gombe la South Africa, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, high tide imagwa cha m'ma 3 kapena 4 koloko m'bandakucha, n'kudzagwanso nthawi ngati yomweyo masana. Mukawonjezera maola anayi ndi theka aja, mukupeza hafu pasiti 7 kapena hafu pasiti 8 m'mawa, geti litangotsegulidwa kumene, mphepo isanadzuke. Choncho yang'anani kalendala ya mwezi: tsiku limene mwezi uli wathunthu kapena watsopano, ndi masiku awiri kapena atatu otsatira, ndiwo masiku anu. Zimachitika pakatha masabata awiri alionse. Pa masiku amenewa madzi amakwera kwambiri n'kuphwanso kwambiri, kusiyana kwake kumafika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Amati spring tide, koma dzinali lisakusokonezeni, zimachitika chaka chonse, osati mu Seputembala mokha.

Mphepo nayo imasintha masamuwa. Dziweli khomo lake lili kumpoto. Mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa, imene kuno amati southeaster, imakankhira madzi kunja ndipo matope amatuluka msanga. Yochokera kumpoto imapanikizira madzi ku Geelbek ndipo mudikira kwambiri. N'chifukwa chake ndikuti fikani molawirira, ndipo musapangane ndi munthu zokumana 10 koloko kwina.

Nanga tsiku lanu lopuma likagwa pamene high tide ili 9 kapena 10 koloko m'mawa? Musalephere ulendo. Pitani ku hide ya Seeberg, kufupi ndi geti la ku Langebaan. Kumeneko kumakoma madzi akadzaza, chifukwa mbalame zimasonkhana pamchenga wotsala kudikira kuti madzi atsike.

3. Konzani ulendo ndi katundu dzulo lake

Pamafunika galimoto. Mkati mwa paki mulibe ma taxi, ndipo kuchoka pageti kukafika ku Geelbek ndi mtunda woti simungayende wapansi n'kupeza madzi ali pamalo. Sonkherani mafuta anthu atatu kapena anayi, koma musapitirire pamenepo, hide ndi yaing'ono. Kuchokera ku Cape Town werengerani ola limodzi ndi theka. Geti limatsegulidwa 7 koloko. Pali mageti awiri, lina pa R27 pomwepo, lina ku tauni ya Langebaan. Ochokera ku Cape Town opita ku Geelbek alowere la pa R27.

Tengani pasipoti. SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a dziko lino, imalipiritsa mitengo itatu: wa nzika ndi okhazikika mu South Africa, wa nzika za mayiko a SADC, ndi wa alendo ochokera kwina, umene ndi wokwera kwambiri. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe onse ali mu SADC, koma pageti amafuna umboni. Mukaiwala chiphaso angakulipiritseni ngati mlendo wochokera ku Ulaya. Mitengo imasintha chaka ndi chaka, ndiye onani pa webusaiti yawo musananyamuke.

Valani juzi ndi jekete yotchinga mphepo, ngakhale kunja kukuoneka kowala. Madzi a gombe lino ndi ozizira chifukwa cha mkokomo wa Benguela, ndipo mphepo yolowera pa mpata wa hide imalowa mpaka m'mafupa munthu ukakhala osasuntha. Zovala zikhale zosawala. Tiyi wa m'fulasiki, buledi, chipewa, kabuku ndi cholembera.

Mabayinokyula ndi ofunika. Amene alembedwa 8x42 kapena 10x42 ndi okwanira. Ngati mulibe, bwerekani, ndipo muwayese kunyumba: tsekani diso lakumanja, zungulizani kagudumu kapakati mpaka chinthu chioneke bwino, kenako tsekani lakumanzere n'kukonza ndi kamkombero ka pagalasi lakumanja. Anthu ambiri sadziwa za kamkomberoka, ndipo amabwerako mutu ukuwawa. Buku la mbalame la Sasol kapena la Roberts limathandiza, ngakhale lakale logula pa sitolo ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito. Amene mumakonda foni, ikani Merlin, pulogalamu yothandiza kuzindikira mbalame, ndipo mutsitsiretu mbalame za kum'mwera kwa Africa mukadali pa WiFi.

4. Mukalowa, yendetsani pang'onopang'ono

Nyengo ino akamba amadutsa mumsewu pafupipafupi, ang'onoang'ono oti mungawaponde osadziwa. Mphiri nazo zimakonda kuothera dzuwa pa tala. Kuyenda pang'onopang'ono kuli ndi phindu linanso: nthiwatiwa, nkhwali za kuno zimene zimayenda m'mbali mwa msewu mopanda mantha, ndipo mukachita mwayi black harrier, mbalame yolusa yakuda yokhala ndi zoyera kumapiko ndi pamwamba pa mchira, imene imauluka motsika pamwamba pa zitsamba. Yatsala yochepa kwambiri padziko lonse ndipo pakiyi ndi amodzi mwa malo ake odalirika. Ioneni, koma musaime nthawi yaitali. Madzi sakudikirani, ndipo msewuwu mudzaudutsanso pobwerera.

5. Mmene mungakhalire mu hide

Pa kamlatho yendani mofatsa, matabwa amalira. Foni ikhale pa silent musanafike pakhomo. Mukalowa, tsekani chitseko kumbuyo kwanu, chifukwa kuwala kolowera kumbuyo kumaonetsa mithunzi yanu kwa mbalame. Tsegulani kachitseko ka mpata pang'onopang'ono, ndipo musatulutse dzanja kunja poloza. Kuloza ndi chala ndi kumene kumabalalitsa mbalame kuposa kuyankhula. Mukafuna kuonetsa mnzanu, nong'onani: "Kumanzere kwa chikuni chija, pamlomo pa madzi."

Mukapeza anthu ena, moni wa mutu ndi wokwanira. Ndikudziwa kuti kwa ife kulowa pamalo osapereka moni weniweni kumaoneka ngati mwano, koma muno kukhala chete ndiwo ulemu wake. Mudzacheza kunja. Ndipo musachite manyazi kufunsa monong'ona. Ambiri amene mumawapeza atanyamula telesikopu amasangalala kukuonetsani, makamaka akadziwa kuti ndi ulendo wanu woyamba.

Kenako khalani. Mphindi 20 zoyamba mwina muona ma flamingo okha ataima m'madzi. Agwiritseni ntchito pophunzira: wamkulu, greater flamingo, ali ndi mlomo wotuwirako wapinki wokhala ndi nsonga yakuda, pamene wamng'ono, lesser flamingo, mlomo wake wonse ndi wodera ngati wakuda. Yang'anani miyendo yawo. Madzi akamatsika kuchoka m'mawondo kupita kumapazi, dziwani kuti nthawi yayandikira. Zoyamba kufika ndi za miyendo yaitali, chifukwa zimatha kudya madzi asanathe. Kachigamba koyamba ka matope kakangotuluka, tating'onoting'ono timatera m'magulu, nthawi zina pafupi moti mumamva kulira kwake.

6. Kuzisiyanitsa

Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Mbalamezi, zimene m'mabuku amazitcha ma wader, zikafika kuno zimakhala zitavula nthenga zokongola za nthawi yoswa. Zonse zimaoneka zotuwa pamwamba, zoyera kumimba. Mukayamba ndi mtundu wa nthenga, musokonezeka. Yambani ndi zinthu zitatu: kukula, mlomo, ndi kadyedwe.

Pezani kaye curlew sandpiper, chifukwa ndi imodzi mwa zochuluka kwambiri pano ndipo idzakhala muyeso wanu. Ndi yocheperapo kuposa njiwa, miyendo yakuda, mlomo wautali wopindikira pansi pang'ono. Ikauluka, pamwamba pa mchira pamaoneka poyera. Mu Seputembala zina zimakhala zikadali ndi zigamba zofiirira pachifuwa, zotsalira za ku Siberia. Mukaidziwa imeneyi, ina iliyonse muzifunsa kuti: ndi yaikulu kapena yaing'ono kuposa iyi?

Yaing'ono kwambiri, ya mlomo waufupi wowongoka, imene imajompha matope mwachangu osapumira ngati singano ya makina a telala, ndi little stint. Imalemera magalamu pafupifupi 25 okha, koma nayo yachokera ku Arctic. Yaikulu kwambiri, yabulauni, mlomo wautali wopindika ndi mizere pamutu, ndi whimbrel, ndipo kulira kwake ndi mluzu wobwerezabwereza mofulumira. Ina yaitali, yotuwa, miyendo yobiriwirako, mlomo wokwezekera m'mwamba pang'ono, yolira katatu kuti tyu-tyu-tyu ikadzidzimuka, ndi greenshank. Imeneyi ena mwa inu munaionapo osaidziwa, chifukwa imapezekanso m'madambo ndi m'magombe a kwathu m'miyezi ya dzinja. Yojintcha, yaifupi, miyendo yaolenji, imene imagubuduza timiyala ndi ndere ndi mlomo wake, ndi turnstone.

Ma plover amadziwika ndi mayendedwe. Sajompha mosalekeza ayi. Amathamanga, n'kuima chilili, n'kutola, n'kuthamanganso. Mitu yawo ndi yozungulira, maso aakulu, milomo yaifupi. Wamkulu pa onse pano ndi grey plover, ndipo akatambasula mapiko mumaona chigamba chakuda kukhwapa. Palibe wina pano amene ali nacho.

Mukadziwa zisanu ndi imodzi zimenezi pa ulendo woyamba, mwachita bwino kwambiri. Zina monga knot, godwit ndi Terek sandpiper zidzabwera zokha pamene maso azolowera. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amaona mbalame kwa masekondi awiri, n'kuweramira m'buku kwa mphindi zisanu. Akadzutsa mutu, mbalame yapita, ndipo sakumbukiranso ngati miyendo inali yakuda kapena yachikasu. Buku silithawa. Yang'anani mbalame mpaka ichoke yokha, nenani chamumtima zimene mukuona, mlomo wotere, miyendo yotere, kenako lembani, kenako tsegulani buku. Chimodzimodzi ndi kujambula. Foni yanu idzangotulutsa timadontho, ndipo nthawi yabwino idzatha mukulimbana nayo.

Ndipo ngati simukutsimikiza, lembani kuti simukutsimikiza. Palibe choipa pamenepo. Ngakhale akatswiri amasiya zina osazitchula dzina.

7. Musadzutse mbalame

Izi ndikunena ndi mtima wonse. Musatsike pa kamlatho kupita m'matope, musaombe m'manja kuti ziuluke mujambule vidiyo, musaziyimbire kulira kwa pa foni. Mbalame imene yangofika kumene yatha mafuta onse a m'thupi, ndipo imadya pokhapokha madzi akalola. Kuuluka kulikonse kopanda chifukwa ndi chakudya chotayika. Anthu akhala akuwerenga mbalame za pa Langebaan kuyambira m'ma 1970, ndipo chiwerengero cha zochokera kumpotozi chatsika kwambiri. Mu 2024 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zingathe padziko, linaika curlew sandpiper ndi grey plover m'gulu la mbalame zimene zili pachiopsezo. Zifukwa zambiri zili kutali, m'malo amene zimaswera ndi m'madambo a m'njira amene akuwonongedwa, koma zikafika pano chimene tingazichitire ndi kuzisiya zidye.

8. Madzi akapita kutali

Pakatha ola limodzi kapena awiri, mlomo wa madzi umakhala uli patali ndipo mpweya wotentha umayamba kugwedeza chithunzi m'mabayinokyula. Imeneyo ndi nthawi ya tiyi. Pa Geelbek pali nyumba yakale yoyera ya kamangidwe ka Cape Dutch ndi mitengo, ndipo m'mitengomo ndi m'bango muli mbalame zina zosavuta kuona.

Ngati mphamvu zilipo, pitani ku Abrahamskraal, kadziwe ka madzi opanda mchere komwe kulinso hide. Kumeneko ma tide alibe ntchito, ndipo mupeza abakha ndi mbalame za m'bango zimene zina mukuzidziwa kale kuchokera kwathu. Kenako Tsaarsbank, kumbali ya nyanja yeniyeni, kumene mafunde amamenya miyala. Fufuzani African oystercatcher, yakuda bii, mlomo ndi maso zofiira, nthawi zambiri ziwiriziwiri. Kuyambira chakumapeto kwa chaka zimaikira mazira pamchenga poyera, m'kadzenje kosaoneka, choncho ikayamba kulira mokalipa n'kumathamanga patsogolo panu, bwererani m'mbuyo ndipo muyende kufupi ndi madzi. Pamiyala pamakhala mphipi za mitundu ingapo, ndipo m'miyezi imeneyi yang'ananinso kupyola mafunde, chifukwa anamgumi amadutsa pafupi ndi gombe.

Pofika masana southeaster imakhala itayamba kuwomba mwamphamvu, mabayinokyula sagwirika bwino ndipo mbalame zazing'ono zimabisala. Musanayatse galimoto, lembani m'kabuku kaja zinthu zinayi: tsiku, nthawi ya high tide ya Table Bay, nthawi imene matope anayamba kuonekera pa hide, ndi kumene mphepo imachokera. Ulendo wachiwiri mudzawerengera madzi ndi manambala anuanu, ndipo adzakhala olondola kuposa anga. Amene mukufuna kuti zimene mwaona zithandize ofufuza, lowetsani mndandanda wanu pa BirdLasser, pulogalamu ya pa foni imene imatumiza ku SABAP2, kalembera wa mbalame za kum'mwera kwa Africa amene anayamba mu 2007. Lembani zokhazo zimene mwatsimikiza.